Khadi la Rawda

Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha ku Nazlet Shadid anamvetsera pachifuwa pa Rawda nthawi yaitali, kenaka anatembenukira Ensaf ndi nkhope yokwinya, ngati kuti mayiyo ndiye anachita kuboola mtima wa mwana wake ndi msomali.

"Mwanayu ali ndi bowo mumtima, ndipo anabadwa nalo," anatero. "Zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi mukuona milomo ikuda chonchi, mumati wadya mabulosi?"

"Anthu amati ndi diso loipa, adokotala. Tinamufukizira lubani kangapo."

"Lubani! Kamufukizireninso, mwina bowolo litsekeka ndi utsi." Anakoka pepala n'kuyamba kulemba mwaukali. "Akufunika opaleshoni mumzinda, ku Asyut, nyengo yozizira isanafike. Ikamupeza ali chonchi, musadzabwere kudzandilirira pano. Za malipiro musade nazo nkhawa, boma lili ndi inshuwalansi ya ana, limalipira zonse, kuyambira mpeni mpaka thonje. Kaperekeni chiphaso chake cha kubadwa ku ofesi ya zaumoyo, akutulutsireni khadi. Wotsatira!"

Ensaf ananyamula mwana wake n'kutuluka. Chiphaso chimenecho kunalibe, ndipo sichinayambe chakhalapo.

Nkhani yake ndi yomwe mudzi uliwonse wa m'mbali mwa ngalande umaidziwa, ngakhale aliyense amanamizira kudabwa ikamugwera mnzake. Ensaf anakwatiwa ndi Mahrous ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Boma sililemba ukwati wa mtsikana wamsinkhu umenewo, choncho anachita monga amachitira onse. Shehe Abdel-Sabour anawerenga mawu opatulika, analemba kapepala, n'kukatsekera m'kabati mwake kuti kadikire mkwatibwi akwanitse zaka, ndiye adzakalembetse mwalamulo. Ng'oma zinalira masiku awiri, nkhosa zitatu zinagwa, mudzi wonse unanyambita zala. Boma lokha ndi limene silinaitanidwe, ndiye kwa boma ukwati kunalibe. Rawda atabadwa anati nayenso adikire, adzalembedwa limodzi ndi ukwati wa makolo ake. Kutatsala miyezi inayi kuti Ensaf akwanitse zaka zija, lole yonyamula aganyu okakolola anyezi inagwera m'ngalande, Mahrous ali pamwamba pake. Wakufa sasaina pepala. Kuyambira tsiku limenelo Ensaf anali wamasiye wa mwamuna amene sanamukwatire, ndiponso mayi wa mwana amene sanabadwe.

Anayamba n'kupita kwa shehe. Anamupeza pakhonde la mzikiti akuwenga zikhadabo za kumapazi.

"Kapepala kati, mwana wanga?"

"Ka ukwati wanga, a Shehe. Munati mukasunga."

"Ine? Ukwati wa mwana wosakwana zaka?" Anamwaza maso uku ndi uku kuona ngati pali amene akumva. "Mulungu andichitire chifundo, ine zoterozo sindichita. Ndinangobwera kudzadalitsa chakudya."

"Munadya mwendo wathunthu wa nkhosa, wina n'kutengera kunyumba."

"Ndi zimene ndikunenazo, chakudya. Pita, mwana wanga, pirira. Mulungu amakonda opirira."

Chikhadabo china chinathethekera pa mkanjo wa Ensaf. Anachisasa n'kumapita.

Bambo ake omubala anachita kugwira mutu atamva. "Ukufuna ndikafere m'ndende ndi shuga wangayu? Nkhani yakale ukuifukuliranji?" Ku ofesi ya zaumoyo anapeza mlembi, a Desouki, munthu yemwe anavina ndi ndodo paukwati wake mpaka nduwira kugwa. Lero anali kumuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Njira ilipo, mayi. Mupite kukhothi, mukatsimikize kuti munakwatiwa, kenaka mukatsimikize kuti mwanayu ndi wa malemuyo. Zaka ziwiri, Mulungu akalola. Akapanda kulola, zitatu."

"Adokotala akuti nyengo yozizira isanafike."

"Ndiye kauzeni adokotalawo akhale woweruza."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ensaf anakatsekula cha Farghali, mkulu wake wa Mahrous, chitseko chimene anali atalumbira kuti sadzachigogodanso. Chithere maliro, Farghali ankalima kamunda ka mng'ono wakeyo, ati kusungira mwana wamasiye, koma mwana wamasiyeyo anali asanalaweko ngakhale tomato mmodzi wa m'mundamo. Farghaliyo anali munthu wa mimba yotsogola, wa chipsera chakuda pamphumi chimene amakhala nacho anthu ogwada kwambiri popemphera, ngakhale akazi akamachapa kungalande ankanong'onezana kuti amachikhula ndi mwala kuti chide msanga. Ensaf anamupeza pabwalo akudya nzimbe. Ankatafuna, kuyamwa mwaphokoso, n'kulavulira zotsala pafupi ndi mapazi a mlendo wake.

"Amake Rawda, mlamu wanga, bwanji osabwera kale?" anatero atamva zonse. "Magazi a m'bale wanga atayike ine ndili moyo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mng'ono wako."

Mwambiwo anausiyira pakati. Mbali ya kuchenjera manja sanaitchule, poti manja ake anali atachenjera kale.

"Tamvera," anapitiriza. "Ine ndi Tahiya ukwati wathu ndi wachidindo. Tipita kwa Desouki, tikanena kuti tinabereka mwana wamkazi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tinachedwa kumulembetsa chifukwa cha umbuli. Tikhala oyamba ife? Theka la mudzi uno linalembedwa m'dzina la amalume kapena agogo. Masabata atatu, khadi latuluka."

"Nanga dzina la Mahrous?"

"Mahrous ali kumanda, dzina alichita nalo chiyani? Agogo a mwanayu ndi omwewo, dzina la banja ndi lomwelo. Ndi pepala chabe, mlamu. Mwana azigona kwa iwe, azidya kwa iwe. Ine ndili ndi anyamata anayi, pakamwa pena ndipafuniranji?"

Ensaf sanali wopusa. Ankadziwa kuti Rawda akanalembedwa kuti ndi wa Mahrous, gawo la kamunda kaja likanakhala lake mwalamulo. Koma zikaoneka papepala kuti Mahrous anafa wopanda mwana, munda wonse utsala m'manja mwa munthu wolavula nzimbeyu mpaka kalekale. Chifundo chake chinkanunkha patali, ndipo Ensaf anafuna kumulavulira pachipsera pomwepo.

Tahiya, mkazi wa Farghali, anabwera ndi tiyi. Anali mayi wamanja akuluakulu ndi pakamwa posatseka, wotopa ndi kulera anyamata okhaokha. Anaima pamwamba pa Rawda n'kumugwira kumutu.

"Koma tsitsi ili, amake Rawda, mumalipesa ndi foloko? Tsitsi labwino chonchi kugwera kwa anthu osalidziwa!"

Ensaf anati akaganiza kaye. Kuchokera kwa Farghali kukafika kuchipinda chake, kuseri kwa khola la njati zoweta, ndi mtunda woti munthu akakuwa amamveka. Panjira imeneyo Rawda ananjuta katatu, akupuma mwabefu, milomo ili bii, zala zitazizira. Kachitatuko anayang'ana mayi ake n'kunena kuti, "Pepani, amayi, ndidzuka pompano." Ensaf anamunyamula, n'kubwerera kukavomera tiyi asanazizire.

M'mawa wa tsiku lopita ku ofesi anakhazika mwanayo pakati pa miyendo yake n'kumamuluka tsitsi.

"Lero tichita masewera. Amayi ako ndi ndani?"

"Ndinu."

"Ayi. Lero, ndi tsiku lililonse pamene pali anthu a boma kapena adokotala, amayi ako ndi a Tahiya, abambo ako ndi a Farghali. Ine ndine azakhali. Tanena."

"Azakhali!" Rawda anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga ndikapambana mundipatsa chiyani?"

"Uchira. Uzidzathamanga ngati anzako."

Ku ofesi kunali kotentha, ntchentche zili ng'waa pamabenchi, fungo la chimbudzi chosefukira likulowera pazenera. Kunabwera dokotala wa kutauni, wamagalasi, woyeza zaka za ana ochedwa kulembedwa. Anakanula Rawda kukamwa n'kuwerenga mano ngati wogula bulu pamsika, nalemba kuti zisanu ndi chimodzi. Kenaka anaitana mboni. Yoyamba inali mzamba Hamdiya, yemwe anadula mchombo wa Rawda ndi manja ake m'chipinda cha Ensaf. Gogoyu anakweza dzanja n'kulumbira pa Mulungu kuti anabereketsa Tahiya mwana wamkazi ameneyu, ndipo anawonjezera, popanda womufunsa, kuti Tahiya anavutika kwambiri tsikulo. Dzulo lake anthu anali ataona bakha wonenepa akuchoka kwa Farghali kupita kwa Hamdiya.

"Mboni yachiwiri ili kuti?" anafunsa a Desouki.

Mboni yachiwiri, mnansi wa Farghali, inali itachita mantha n'kuthawira kumsika wa ng'ombe m'mamawa.

"Adokotalawa amabwera kamodzi pamwezi," anatero a Desouki akuvundula tiyi wawo. "Mukaphonya lero, tionana mwezi wamawa. Kapena winawo, poti mwezi wamawa kuli tchuthi." Maso awo anayenda m'chipindamo n'kukaima pa Ensaf, amene anali ataima pakhomo. "Mayi awo ali ndi chitupa? Ndi ndani?"

"Ndi wachibale," anayankha Farghali.

"Analipo tsiku lobadwa mwanayu?"

"Analipo," anatero Farghali, nkhope ili gwa.

A Desouki anasekera m'kapu. "Ndikukhulupirira kuti analipo. Bwerani kuno, mayi."

Anamuwerengera mawuwo mokweza: kuti iye, Ensaf mwana wa Gaber, wosakwatiwa, anaona ndi maso ake Tahiya akubereka mwana wamkazi dzina lake Rawda. Ali mkati mowerenga, Rawda, amene anali atatopa ndi kuima, anadzakoka mkanjo wa Ensaf.

"Amayi, ndatopa, ndinyamuleni."

Dokotala wamagalasi uja anadzutsa mutu. Ensaf sanaganize. Dzanja lake linangotsika lokha n'kutsina mwanayo pamkono, kutsina kwenikweni, kopotokola.

"Amayi ako ndi awo. Ukusokoneza chiyani?"

Chibadwire, Rawda anali asanatsinidwepo ndi mayi ake. Sanalire. Anangomuyang'ana kukamwa kuli yasa, kenaka anapita kwa Tahiya, amene anamunyamula n'kumupukuta thukuta. Dokotala anabwerera pamapepala ake. Ensaf anaviika chala mu inki n'kudinda pamene anamulozera. Mwa anthu onse onyansa amene anali m'chipindamo, ngakhale kuwerengera shehe yemwe akanakhalapo, amene anamunyansa kwambiri anali iye mwini.

Khadi linatuluka patatha masabata atatu, monga ananenera Farghali. Linali ndi chithunzi cha Rawda atatong'ola maso, ndi dzina lake latsopano. Tinene chilungamo, boma silinaname. Khadilo linatsekula zitseko zimene Ensaf sakanazitsekula ngakhale akanagulitsa impso yake. Mwanayo anamujambula mtima, anamuyeza magazi, anamupatsa tsiku la opaleshoni, onse osapempha kalikonse.

Pachipata cha chipatala cha ana ku Asyut panali mlonda wandevu za pamlomo zonyowa ndi tiyi.

"Wodikirira ndi mmodzi, mayi wa mwana, ndipo aonetse chitupa. Ena nonse panja."

"Ine ndi amene ndimamusamala," anatero Ensaf. "Amagona ndi ine. Sagona popanda ine."

"Ndinu mayi ake?"

Ensaf anayang'ana khadi limene linali m'manja mwa mlondayo.

"Ndine azakhali ake."

"Ndiye azakhali panja. Muno muli ana mazana atatu, aliyense ali ndi azakhali asanu. Mukufuna chipatala chigwe?"

Tahiya anadandaula mokweza kuti iye sanabwere ndi zovala zosinthira, kuti fungo la mankhwala limamudwalitsa mutu, kuti anyamata ake adya chiyani. Koma analowa, atagwira Rawda padzanja. Mwanayo anacheuka kamodzi, anayang'ana mlonda, n'kungokweza kadzanja.

Ensaf anakhala panja masiku khumi ndi awiri, m'mbali mwa mpanda, pakati pa mabanja ena ochokera kumidzi. Anayala katoni pafupi ndi mulu wa zinyalala pamene amphaka ankalimbirana thonje lamagazi. Ankadya buledi ndi nyemba za pangolo, zimene wogulitsa wake ankapukuta mbale zonse ndi kansanza kamodzi komwe ankapukutiranso m'khosi. Analowa m'chipatalamo kamodzi kokha, kuchipinda chapansi, tsiku limene ankafuna achibale opereka magazi. Farghali anati ali ndi chizungulire, ndipo anapezeka ali kutsidya kwa msewu akudya nkhunda yootcha. Ensaf anapereka, napempha kuti atengenso ena, namwino n'kumuthamangitsa.

Masana aliwonse Tahiya ankatsika kudzamuuza za mwanayo kudzera pazitsulo za mpanda. Masiku oyamba zinali zodandaula zokhazokha.

"Mwana wanuyu ndi wovuta kudya, amake Rawda. Ndiye zimbudzi za muno, Mulungu atiteteze. Msana wanga watha ndi kugona pampando."

Tsiku la opaleshoni anatsika maso ali psuu, mpango utapendekeka. "Watuluka. Adokotala akuti zayenda. Milomo yake, mukanaona! Yafiira ngati ya mwana aliyense." Akazi awiriwo anagwirana manja pazitsulopo n'kulira limodzi, ndipo tsiku limenelo Ensaf anamukhululukira Tahiya zonse, za foloko zomwe.

Kenaka malankhulidwe anayamba kusintha.

"Usiku sanalole kuti ndichotse dzanja langa, wagona atagwira chala ichi."

Mawa lake: "Wadya dzira lonse. Amafuna ulidule tizidutswa, ukampatsa lathunthu sadya."

"Ndikudziwa," anatero Ensaf.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: "Anamwino akuti mwana wangayu wafanana nane mphuno. Ndamuluka tsitsi, amayi onse a m'chipindamo abwera kudzaona." Tahiya ananena mawuwo osawamva, nkhope ikuwala. Sanalinso kudandaula za msana. Ensaf anawamva bwinobwino.

Potuluka, dokotala wamkulu analankhula ndi Farghali ndi Tahiya pakhonde, Ensaf akumvera chapatali ngati wantchito. Anati bowo latsekedwa, koma pali mtsempha wina wopapatiza umene udzafune opaleshoni yachiwiri pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mwezi uliwonse mwanayo azibwera kudzaonedwa ndi kulandira mankhwala. "Khadi ili mulisunge ngati diso lanu," anatero. "Popanda ili, opaleshoni yachiwiriyo simungaikwanitse ngakhale mutagulitsa mudzi wonse."

Minibasi inawatsitsa pamlatho wa ku Nazlet Shadid. Rawda anayenda yekha kuchokera pamlatho mpaka pachipata cha Farghali osanjuta ngakhale kamodzi, ndipo akazi anatuluka m'nyumba akululutira. Ensaf anatambasula manja kuti amutenge apitirire naye kwawo.

"Taima kaye, mlamu," anatero Farghali. "Bala likadali laliwisi. Ukamugoneka kuseri kwa khola, ndi ndowe ndi ntchentche zija? Akhale kuno masiku ochepa, kuli chipinda cha matailosi."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka. Masiku ochepa anasanduka sabata, sabata inasanduka mwezi. Bala linauma. Rawda analembetsedwa kusukulu, Tahiya anamugulira chikwama ndi ndolo. Ensaf akabwera kuchokera kosankha anyezi ankauzidwa kuti mwana wagona, kapena akusamba, kapena wapita ndi azichimwene ake kumunda. Tsiku lina analowa osagogoda.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

Farghali anali akutsuka mapazi m'beseni kukonzekera mapemphero. Kwa iye nkhaniyi inali yosafunika, munda anali ataupeza kale. Koma Tahiya anaima pakhomo la chipinda cha matailosi, manja ali m'chiuno.

"Masiku khumi ndi awiri ndinali naye ndani? Amene anamupukuta masanzi ndi ndani? Inu zaka zisanu ndi chimodzi mumamufukiza lubani, mwana akufa! Sachoka muno. Farghali, auze, akachoka mwanayu inenso ndinyamuka."

Farghali anayeza m'mutu mwake mtendere wa m'nyumba ndi mkazi wamasiye wopanda womuimira, ndipo sikelo sinachedwe.

"Wamva, mlamu. Mwana wazolowera kuno."

"Munati ndi pepala chabe."

"Ndi pepala chabe, inde. Ndiye pita nalo kupolisi." Anapukuta phazi limodzi mosafulumira. "Ukawauze kuti chala chili pamenepo si chako. Ine andimanga, Tahiya, Hamdiya, Desouki, bambo ako, ndi iwe wemwe. Zimenezo n'zazing'ono, tidzatuluka. Koma khadi alifafaniza tsiku lomwelo. Opaleshoni yachiwiri ija udzamuchita wekha ndi mpeni wa anyezi."

Ensaf anapitadi. M'mawa mwake anavala mkanjo wake wakuda wabwino, n'kuyenda wapansi mpaka kupolisi ya kumsika. Zoti amangidwe sizinamuopse. Akanasangalala kuona Farghali, shehe ndi a Desouki atakhala pansi m'chitolokosi chimodzi, akununkhizana thukuta. Anadikira pabenchi maola awiri. Atamuitana, anapeza wapolisi wachikulire, wotopa, akusenda lalanje.

"Vuto n'chiyani, mayi?"

"Ndimafuna kufunsa, bwana. Ndi nkhani ya mnzanga. Mwana akalembedwa m'dzina la anthu amene si makolo ake, kenaka mayi weniweni n'kuulula, chimachitika n'chiyani?"

"Ndi mlandu wachinyengo. Onse osaina amayankha."

"Nanga mwanayo?"

"Chiphasocho chimaimitsidwa mpaka khothi ligamule kuti ndi wa ndani."

"Ndi khadi la kuchipatala lomwe?"

"Khadi limachokera pa chiphaso, mayi. Ukadula mtengo nthambi sizitsala m'mwamba." Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Ensaf anaona kuti wazindikira. Anthu ngati iye anali atakhalapo ambiri pampando umenewo. "Mwana wa mnzanuyo akudwala?"

"Mtima."

Wapolisiyo anaika kagawo ka lalanje m'kamwa, n'kutseka buku limene anali atatsekula.

"Ine ndamva funso chabe. Mukafuna ndilembe, ndilemba. Ndilembe?"

Panja bulu ankalira, wina ankatsatsa tomato. Ensaf anaimirira, anathokoza, n'kutuluka.

Kunyumba anasonkhanitsa zovala za Rawda. Sizinali zambiri: madiresi atatu, juzi imene anamulukira chaka chatha, nsapato za pulasitiki, ndi kabulangete kamene mwanayo ankakonda kununkhiza pogona. Anazimanga mumpango n'kupita nazo kwa Farghali dzuwa likupendeka. Tahiya anatsekula chitseko atakonzekera nkhondo, koma ataona mtolowo anangoulandira.

"Kukazizira muzimuveka juziyi mkati, osati kunja," anatero Ensaf. "Mkaka wa njati umamutsekula m'mimba mukapanda kuuthira madzi. Akanama amagwira khutu. Mankhwala a m'mawa asamwe asanadye."

"Ndikudziwa," anatero Tahiya motsitsa mawu. Kenaka, mwamanyazi: "Lowani mumuone. Muzibwera Lachisanu lililonse, palibe akuletseni."

Rawda anali m'chipinda cha matailosi, atagona chafufumimba, akulemba zilembo m'kope. Masaya anali atadzaza. Ataona Ensaf anadzuka n'kumuthamangira, kuthamanga kwenikweni, n'kumukumbatira m'chiuno. Pakhosi la diresi pankaoneka nsonga ya chipsera, chofiira, chowongoka. Mwanayo anasuzumira kukhomo, anaona kuti Tahiya wapita kukaika mtolo uja, ndipo anakoka Ensaf kuti awerame.

"Muno mulibe adokotala," ananong'ona. "Mulibenso a boma. Masewera aja atha? Ndinene kuti amayi?"

Ensaf anaika dzanja pachifuwa pa mwanayo. Mtima unkagunda bwino, mwamphamvu, ndipo penapake pansi pa dzanja lakelo panali mtsempha wopapatiza uja, ukudikira zaka zake ziwiri. Mwezi uliwonse kudzakhala mlonda, namwino, mlembi, mphunzitsi, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangasunge malilime awiri osapunthwa tsiku lina.

"Ayi," anatero. "Ungadzaiwale pamaso pa anthu. Zolowera."

Rawda anamuyang'ana, kenaka anagwedeza mutu, poti anali mwana womvera.

"Chabwino, azakhali. Taonani, ndikutha kulemba dzina langa lonse."

Ensaf anayang'ana m'kopemo, anamuyamikira kuti walemba bwino, ndipo anakwanitsa kutuluka mpaka kuseri kwa mpanda asanasanze.